UDZUDZU WOBISALA PANSI PA NTHAKA: KUUTCHERA MISAMPHA NDI KUUWERENGA KU CHILUMBA

Pali dandaulo limodzi limene ife ogwira ntchito ya ukhondo timalimva kawirikawiri tikamayendera nyumba za pa Chilumba, pa Uliwa ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Mwini nyumba amati: "Bambo, tinachita zonse zimene munatiuza. Udzu tinatchetcha, zithaphwi tinakwirira, zitini ndi zigoba tinataya kudzala. Nanga udzudzu wonsewu ukuchokera kuti?" Munthu wotere sanama. Bwalo lake limakhaladi losesedwa bwino, ndipo ungazungulire nyumba yonse osaona madzi ndi pang'ono pomwe. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nthawi zambiri udzudzu umene ukuvutitsa banja lotere umaswana pansi pa mapazi awo, m'malo amene diso silifika.

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza za malo obisika amenewa, ndiponso njira zimene mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi kapena komiti ya zaumoyo ya m'mudzi angatsate pofuna kudziwa ngati dzenje lakutilakuti likutulutsa udzudzu, kuchuluka kwake, ndi mtundu wake. Mfundo yake ndi imodzi: tisanawononge ndalama ndi mphamvu polimbana ndi udzudzu, tiyambe tautchera msampha ndi kuuwerenga.

CHIFUKWA CHAKE CHILUMBA

Chilumba, amene kale azungu ankamutcha Deep Bay, ali pafupifupi makilomita 70 kumwera kwa boma la Karonga. Ndi malo otentha, otsika, okhala pakati pa nyanja ndi mapiri okwera cha ku Nyika. Madzi otsika m'mapiriwa ndiwo amathirira mpunga m'masikimu a Hara ndi Wovwe, ndipo mvula ya kuno imalimba kwambiri m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene madera ambiri a kumwera yayamba kale kukata. Pachifukwa ichi, m'malo otsika madzi a pansi pa nthaka amakhala pafupi. Munthu akakumba chimbudzi m'chilimwe amapeza dzenje louma, koma pofika pakati pa dzinja dzenje lomwelo lasanduka chitsime. Nyanja ikakwera kwambiri, monga inachitira m'chaka cha 1980 ndiponso m'chaka cha 2024, maenje a kufupi ndi gombe amakhala ndi madzi kwa miyezi yambiri.

Kuwonjezera apo, Chilumba salinso mudzi wamba. Pali doko pamene pamakocheza sitima ya Ilala, chipatala, masukulu, malo a asilikali, nyumba zogona alendo ndi misika, ndipo msewu waukulu wa M1 wopita kuchipata cha Songwe umadutsa m'dera lomweli. Paliponse pamene anthu amanga nyumba za simenti pamabweranso zinthu zokumbidwa pansi. Chitukuko chimene tikuchikondwerera ndicho chapatsanso udzudzu nyumba zatsopano.

MALO AMENE TIYENERA KUWAKAYIKIRA

Malo oyamba ndi chimbudzi chokumba chimene dzenje lake lili ndi madzi. Chimbudzi chouma sichiswa udzudzu, ngakhale chingaswe ntchentche. Achiwiri ndi thanki ya pansi yolandira zonyansa za chimbudzi chamadzi, makamaka ngati chivundikiro chake chinang'aluka kapena paipi yake yotulutsa mpweya ilibe waya pamwamba. Achitatu ndi dzenje lolandira madzi a kubafa ndi otsukira mbale. Achinayi ndi makalavati ndi ngalande zovundikira zimene zatsekeka ndi mchenga ndi mapepala a pulasitiki. Achisanu ndi timabokosi ta simenti totetezera mavalavu ndi mamita a madzi a m'mipope, mmene madzi odontha amadikha. Otsiriza ndi zitsime zosiyidwa ndi mathanki a pansi osungiramo madzi abwino.

Malo onsewa ali ndi zinthu zitatu zimene udzudzu umafuna: mdima, kufunda kosasinthasintha ndi madzi osayenda. Mulibe nsomba kapena achule odya mphutsi, ndipo dzuwa siliwaumitsa. Mng'alu woti n'kulowa chala chaching'ono ndi khomo lokwanira.

Khalidwe limeneli si la kuno kokha. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'zaka za 1940 ndi 1941, anthu a mumzinda wa London amene ankathawira mabomba m'njanji za pansi pa nthaka ankalumidwa ndi udzudzu wa mtundu wa Culex umene unkaswana m'madzi a m'ngalande za pansi pomwepo, ngakhale kunja kunali chisanu. Ku Puerto Rico, akatswiri atatchera misampha pa mathanki a zimbudzi, anapeza kuti muli kutuluka udzudzu wambiri wofalitsa matenda a dengue, umene kale anthu ankakhulupirira kuti umaswana m'madzi oyera okhaokha. Iwo sakanadziwa zimenezi popanda msampha.

MITUNDU ITATU YOYENERA KUIDZIWA

Udzudzu suli wa mtundu umodzi, ndipo amene sadziwa kusiyanitsa mitunduyi sangathe kuwerenga mopindulitsa.

Woyamba ndi Anopheles, umene umafalitsa malungo, monga anatulukira Ronald Ross ku India m'chaka cha 1897. Ukatera pakhoma umaimika thupi, mutu pansi, kumbuyo m'mwamba, ndipo mapiko ake ali ndi mawangamawanga. Mphutsi zake zimagona chopingasa pamwamba penipeni pa madzi. Mitundu yake imene imavuta m'Malawi muno ndi Anopheles funestus, Anopheles arabiensis ndi Anopheles gambiae, ndipo yonseyi imakonda madzi a pamtunda: madambo, minda ya mpunga, zithaphwi ndi mapondedwe a ng'ombe.

Wachiwiri ndi Culex, makamaka wotchedwa Culex quinquefasciatus. Uwu ndiye mwini wake wa pansi pa nthaka. Ndi wofiirira, mapiko ake alibe mawanga, ndipo ukatera thupi lake limalingana ndi khoma. Umakonda madzi onyansa ndi onunkha. Waukazi umaikira mazira oposa 100 nthawi imodzi, omatirirana pamodzi ngati kabwato koyandama. Mphutsi zake zimalendewera mutu pansi, zikupuma kudzera m'kapaipi ka kumchira. M'nyengo yotentha ngati ya ku Chilumba, kuchokera padzira kufika pa udzudzu wouluka pamapita masiku 7 mpaka 10 okha. Uwu ndiwo umalira kukhutu usiku wonse.

Wachitatu ndi Aedes, wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo, umene umaluma masana. Umafalitsa dengue ndi chikungunya. Mzinda wa Dar es Salaam, kumene magalimoto ambiri odutsa pa M1 amachokera, unavutika ndi mliri wa dengue m'zaka za 2014 ndi 2019.

M'mitundu yonseyi woluma ndi waukazi wokha, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Wamphongo umadziwika ndi tinyanga take ta ubweya wambiri, ndipo umangoyamwa timadzi ta m'maluwa.

NGATI CULEX SUFALITSA MALUNGO, TIVUTIKIRANJI?

Funso ili ndi loyenera, ndipo mayankho ake alipo atatu.

Loyamba likukhudza masikito. Culex m'maiko ambiri a mu Africa unazolowera mankhwala amene amanyikidwa m'masikito, kotero kuti sufa msanga ukatera pa neti. Munthu wamba sasiyanitsa udzudzu ndi unzake. Akamva kulira kukhutu ndi kuona udzudzu uli bwinobwino pa neti m'mawa, amaganiza kuti netiyo ndi yachabe. Ena amaipinda, ena amatchingira dimba, ndipo kuno kunyanja tonse tikudziwa kuti ena amapita nayo kokagwira usipa. Pamenepo Anopheles, umene umaluma mwakachetechete pakati pa usiku, umapeza ana ali pambalambanda. Motero udzudzu wa m'chimbudzi, ngakhale ulibe tizilombo ta malungo, ukhoza kuphetsa mwana ndi malungo pochotsa chikhulupiriro cha makolo ake.

Lachiwiri likukhudza matenda otupitsa miyendo ndi phudzi, amene madokotala amawatcha filariasis. Patrick Manson, akugwira ntchito ku China m'chaka cha 1877, anaona kuti tinyongolotsi toyambitsa matendawa timakulira m'thupi la udzudzu wa Culex, ndipo aka kanali koyamba kuti anthu adziwe kuti udzudzu umanyamula matenda. Boma la Karonga likuwadziwa bwino matendawa. Bungwe lofufuza za matenda la Karonga Prevention Study, limene linayamba ntchito yake pa Chilumba pompano m'chaka cha 1979 pofufuza za khate ndipo ntchito yake tsopano ili pansi pa MEIRU, linathandiza kafukufuku wa Dr Bagrey Ngwira ndi anzake, wofalitsidwa m'chaka cha 2002, amene anaonetsa kuti matendawa anali ofala m'bomali, makamaka m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Songwe. Kuyambira m'chaka cha 2008 mpaka 2014 Unduna wa Zaumoyo unagawa mankhwala a ivermectin ndi albendazole chaka ndi chaka, ndipo m'chaka cha 2020 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti Malawi wathetsa matendawa monga vuto la umoyo wa anthu ambiri. M'dera la Africa la bungweli tinali dziko lachiwiri kutero, potsatira Togo. Kafukufuku wa kuchigwa cha Shire anasonyeza kuti kwathu kuno wofalitsa matendawa ndi Anopheles, koma m'matauni a kugombe la Tanzania ndi Kenya wofalitsa wamkulu ndi Culex wa m'zimbudzi yemweyu. Chimene tinachipeza movutikira tiyenera kuchilondera.

Lachitatu ndi mlendo woopsa wotchedwa Anopheles stephensi. Kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo, koma m'chaka cha 2012 unapezeka ku Djibouti, mu 2016 ku Ethiopia ndi ku Sudan, mu 2019 ku Somalia, mu 2020 ku Nigeria, ndipo mu 2022 ku Kenya ndi ku Ghana. Umasiyana ndi Anopheles wathu chifukwa umaswana m'mathanki a simenti, m'zitsime ndi m'zosungira madzi za pansi pa nthaka, ndipo sudikira mvula. Ku Djibouti, kumene m'chaka cha 2012 kunalembedwa odwala malungo 27 okha, pofika mu 2020 chiwerengerocho chinaposa 73,000. Udzudzu umenewu umayenda ndi katundu, m'sitima ndi m'magalimoto. Tauni ya doko yokhala pa msewu wa kumalire, ngati Chilumba, ndi pakhomo pamene mlendo wotere angagogode. Amene amayang'ana m'madambo mokha sadzamuona akulowa.

KUYENDERA NDI KULEMBA MAENJE

Ntchito imayamba ndi phazi ndi pensulo. Pemphani chilolezo kwa a mfumu ndi kwa eni nyumba, ndipo afotokozereni cholinga chanu momveka, kuti asaganize kuti mwabwera kudzawalipiritsa. Jambulani mapu a dera lanu papepala, ndipo dzenje lililonse mulipatse nambala. Unikani m'dzenjemo ndi tochi, kapena ndi kalilole wobweza kuwala kwa dzuwa. Ngati pansi pakunyezimira, muli madzi. Lembani ngati dzenjelo ndi louma kapena la madzi, ngati lili ndi chivundikiro, ndiponso ngati pali ming'alu. Kumenya pang'ono pa silabu ndi ndodo kumadzutsa udzudzu umene wapuma m'zipupa za dzenje, ndipo mudzauona ukutuluka pabowo.

KUTUNGA MPHUTSI

Mangirirani chikho choyera, kapena kapu ya pulasitiki yoyera, kunsonga ya nsungwi yaitali. Akatswiri amagwiritsa ntchito chikho cha mamililita 350, koma chofunika kwa ife ndi kugwiritsa ntchito chikho chimodzimodzi nthawi zonse. Mukatsegula chivundikiro dikirani mphindi ziwiri, pakuti mphutsi zikaona kuwala kapena mthunzi zimathawira pansi. Kenaka tungani pamwamba pa madzi, cha m'mbali, mosavundula. Tungani kasanu pa dzenje lililonse, ndipo muwerenge mphutsi za m'chikho chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yang'anitsitsani kagonedwe ka mphutsizo. Zikalendewera mutu pansi ndi za Culex kapena Aedes. Koma mukapeza zogona chopingasa m'thanki ya simenti, m'chitsime kapena m'bokosi la mita ya madzi, musazitaye. Ziikeni m'botolo pamodzi ndi madzi ake omwewo, phimbani kukamwa ndi kansalu ka neti, lembani tsiku ndi nambala ya dzenje, ndipo dziwitsani ofesi ya zaukhondo ya pachipatala cha boma mwamsanga. Anopheles stephensi sungadziwike ndi maso okha. Umafunika makina oonera zinthu zazing'ono ndi akatswiri, onga a ku Malaria Alert Centre ku Blantyre.

MSAMPHA WA PABOWO

Uwu ndiwo msampha wofunika koposa pa ntchito ya pansi pa nthaka, ndipo aliyense angathe kuupanga. Pezani ndowa ya pulasitiki ya malita 20. Boolani pansi pake bowo lalikulu ngati sosala. Pindani waya wa sefa kuti ukhale ngati fanelo, kunsonga kwake kutsale kabowo koti n'kulowa chala chimodzi, ndipo mumangirire fanelo ameneyu pabowo lija, nsonga yake italoza mkati mwa ndowa. Kukamwa kwa ndowa phimbaniko ndi chidutswa cha neti yakale yopanda mankhwala, chomangidwa ndi mphira. Neti ya mankhwala siyenera, chifukwa fungo lake limabweza udzudzu ndi kusokoneza chiwerengero.

Cha m'ma 5 koloko madzulo, dzuwa lisanalowe, khazikani ndowayo pabowo la chimbudzi, ndipo m'mbali monse mutseke ndi nsanza zonyowa kapena dothi. Ngati chimbudzicho chili ndi paipi ya mpweya yopanda waya, msampha wina muuike pamwamba pa paipiyo. Pa thanki ya chimbudzi chamadzi, ikani msampha pa paipi kapena pa mng'alu waukulu, ndipo ming'alu ina muimate kwa usiku umenewo. Udzudzu ukafuna kutuluka umatsata kuwala, umakwera m'fanelo, ndipo ukalowa m'ndowa sutha kupezanso kabowo kobwererera.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala: banja lifuna chimbudzi chake usiku. Gwirizanani nawo kuti usiku umodzi wokhawo apemphe kwa anansi. Ngati wina wachotsa msampha, auzeni kuti asabise, pakuti chiwerengero cha usiku umenewo sichiwerengedwa. Cha m'ma 6 koloko m'mawa tsekani fanelo ndi kansanza musananyamule ndowa. Ikani ndowa yonse m'thumba lakuda la pulasitiki, mangani, ndi kuisiya padzuwa kwa ola limodzi. Udzudzu wonse udzafa, ndipo mudzaukhuthulira pa pepala loyera.

Ine ndinaona mphamvu ya msampha umenewu pa nyumba ina yogona alendo, imene mwini wake anali atatopa ndi kugula mankhwala opopera m'zipinda, ndipo ankaloza chala minda ya mpunga. Misampha ya pa zimbudzi ziwiri zokumba inagwira ntchentche zokhazokha. Koma wa pa paipi ya thanki, kuseri kwa khitchini, unali bii ndi udzudzu, wochuluka ndithu mwa iwo wamphongo. Bambowo ataona pepalalo anangogwira pakamwa. Chimene chinafunika ndi kachidutswa ka waya wa sefa ndi simenti yosadzaza ndowa.

MISAMPHA INA

Ilipo misampha ina imene akatswiri amabwera nayo, ndipo ndi bwino kuti mlangizi aidziwe. Wodziwika kwambiri ndi msampha wa nyale wa CDC, umene unapangidwa ku America m'chaka cha 1962. Uli ndi kababu kakang'ono ndi kafani koyendera batire ya mavoti 6, kamene kamakokera udzudzu m'kathumba. Umapachikidwa m'chipinda, cha kumiyendo kwa munthu amene wagona m'neti, pamtunda wa mita imodzi ndi theka. Msampha uwu umatiuza za udzudzu umene ukulowa m'nyumba kudzaluma anthu, pamene wa pabowo umatiuza kumene ukuchokera. Ziwirizi zikaphatikizidwa, nkhani yonse imamveka.

Wina ndi umene Paul Reiter anaupanga m'chaka cha 1983, wokopa Culex waukazi wofuna poikira mazira. Pansi pake pamakhala beseni la madzi amene mwaviikidwa udzu kwa masiku angapo mpaka kununkha. Umathandiza pa makalavati ndi ngalande, pamene ndowa yathu singakhazikike.

KUWERENGA NDI KUMASULIRA

Gawani udzudzu papepala paja m'magulu: Culex, Anopheles ndi Aedes, ndipo m'gulu lililonse mupatule waukazi ndi wamphongo. Lembani m'kaundula tsiku, nambala ya dzenje, mtundu wa dzenje, ngati kunagwa mvula, ndi ziwerengero zonse. Ngakhale mutapeza kuti mulibe kanthu, lembani 0, chifukwa 0 nayenso ndi yankho. Anopheles aliyense wogwidwa pa dzenje la pansi musungeni wouma m'kabotolo, ndipo mumutumize pamodzi ndi lipoti lanu.

Pomasulira kumbukirani izi. Udzudzu wina umangolowa m'dzenje kukapuma masana, osati kuti unabadwira momwemo. Mukagwira waukazi wowerengeka, wina wokhuta magazi, ndipo chikho sichinatunge mphutsi, dzenjelo ndi chipinda chogona chabe. Koma mukagwira wamphongo wambiri, ndipo chikho chinatunga mphutsi, mwapeza chisa chenicheni.

Chiwerengero cha usiku umodzi sichikwanira. Bwerezani pa maenje omwewo, ndi misampha yomweyo, pa maola omwewo, kamodzi pamwezi kwa chaka chonse. Tiyerekeze kuti mlangizi watchera maenje 20, ndipo wapeza kuti 3 okha ndiwo akutulutsa pafupifupi udzudzu wonse. Mlangizi ameneyu sayeneranso kuvutitsa mabanja 20. Ayenera kukonza maenje 3, ndi kubwereranso ndi msampha patatha masabata awiri kuti aone ngati chiwerengero chatsika. Chikapanda kutsika, ndiye kuti pali khomo lina limene sanalione.

CHENJEZO LALIKULU

Palibe chiwerengero chimene chingapose moyo wa munthu. Musalowe m'thanki ya chimbudzi kapena m'dzenje lililonse lovundikira, ngakhale kulowetsamo mutu. Muli mpweya woipa umene umakomola munthu m'kanthawi kochepa, ndipo wotsikira kukapulumutsa mnzake amatsalanso komweko. Musayatse machesi, koloboyi kapena fodya pabowo, chifukwa mpweya wina wa m'menemo umayaka. Musaime pa silabu yong'aluka kapena pa mitengo yofumbwa. Gwirani ntchito muli awiri, ana akhale kutali, valani magolovesi, ndipo mukatha bwezerani chivundikiro ndi kusamba m'manja ndi sopo. Chikho chotungira m'chimbudzi chisatunge m'chitsime kapena m'thanki ya madzi akumwa. Khalani ndi zikho ziwiri zolembedwa bwino.

TIKAPEZA CHISA, TICHITENJI?

Mankhwala enieni a udzudzu wa pansi ndi kuutsekera khomo kapena kuuchotsera madzi.

Bowo la chimbudzi likhale ndi chivundikiro chothina, chonga cha silabu ya sanipulati imene inafala m'Malawi muno kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Chimbudzi cha paipi ya mpweya, chija anachiyambitsa a Blair Research Laboratory ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, chimagwira ntchito pokhapokha waya wa pamwamba pa paipi uli wosang'ambika. Waya umachita dzimbiri, choncho uyenderedwe kawiri pachaka. Ming'alu ya pa thanki imatidwe ndi simenti. Dzenje la madzi a kubafa lidzazidwe ndi miyala mpaka pamwamba, kuti madzi asaoneke. Makalavati afukulidwe mvula isanayambe. Mpope wodontha ukonzedwe, zitsime zosiyidwa zikwiriridwe, ndipo mathanki a madzi abwino avundikiridwe mothina. M'malo amene madzi a pansi ali pafupi, chimbudzi chatsopano chikhale cha dzenje losazama, chokwezedwa ndi njerwa pamwamba pa nthaka, ndipo kuthiramo phulusa ndi dothi kumathandiza kuti chiume. Madzi osamba asalowe m'chimbudzi.

Pa maenje amene sangaume pali njira imene inayesedwa ku Makunduchi, pa chilumba cha Zanzibar, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kumeneko Dr Chris Curtis ndi anzake anathira m'zimbudzi zonse za madzi timikanda toyera topepuka ta polystyrene, tofanana ndi zoyera zija zimatetezera wailesi m'katoni. Timikandati timayandama ndi kuphimba madzi onse, kotero kuti mphutsi zimalephera kupuma ndipo waukazi sutha kuikira mazira. Udzudzu woluma anthu m'tauniyo unatsika ndi 98 pa 100 iliyonse, ndipo pophatikiza ndi mankhwala akumwa, matenda a filariasis anachepa kwambiri. Chimene tiyenera kuphunzirapo ndi chakuti anthu amenewa anayamba ndi kufufuza chimbudzi chilichonse, ndipo anawerenga udzudzu asanathire ndiponso atathira. Ndicho chifukwa chake lero tingathe kutchula chiwerengero chawo mosakayika.

Aliponso mankhwala opha mphutsi opangidwa kuchokera ku tizilombo ta m'nthaka, onga Bti, amene anthu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete ku Chikwawa anawagwiritsapo ntchito m'madzi a pamtunda. Amenewa athiridwe motsogozedwa ndi a zaumoyo. Koma chizolowezi chothira oilo wakutha wa galimoto m'chimbudzi tichileke. M'dera la mchenga ngati lathu, oiloyo amatsata madzi a pansi mpaka kukafika m'zitsime ndi m'nyanja.

Pochita zonsezi tisaiwale kuti udzudzu wa malungo ukadali m'madambo ndi m'minda. Kutseka chimbudzi sikulowa m'malo mwa neti. Aliyense, makamaka amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 5, agone m'neti usiku uliwonse, chaka chonse, ndipo wotentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi.

MAU OTSIRIZA

Dziko lathu linadziikira chaka cha 2030 kuti likhale litathetsa malungo. Ntchito yotere siingatheke ndi a ku Lilongwe okha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndowa imodzi, waya wa sefa, chikho, tochi ndi kaundula ndi zinthu zimene komiti ya zaumoyo ya mudzi uliwonse ingazipeze, ndipo ana a sukulu a makalasi apamwamba angathandize kuwerenga udzudzu wakufa papepala, aphunzitsi awo akuwayang'anira. Alangizi anzanga a ku Chilumba, a ku Nyungwe, a ku Chitimba ndi a m'madoko onse a m'mbali mwa nyanja, mwezi uno sankhani maenje 10, muwapatse manambala, ndipo mutchere misampha. Ndipo inu eni nyumba, mlangizi akafika ndi ndowa yake madzulo, mulandireni ndi kumuonetsa kuseri kwa nyumba.